Malonda amalowera kukhutu

Anzanga ochita geni kuno ku Mzuzu, tamverani. Tatanganidwa ndi kuponya zithunzi pa Facebook, chonsecho makasitomala ambiri amakopeka ndi zomwe amva. Tapitani mumsika waukulu m'mawa, mukapeza kasipika kali pabenchi la mankhwala a makoswe, kakubwereza mtengo kosatopa, mwini wake ali phee akuwerenga chenji. Ndipo anthu amaimadi.

Ine ndimagulitsa mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga. Katundu akangotsika, ndimajambula voice note pa WhatsApp: moni, mpunga wafika, ndowa ndi mwakuti, mundipeza ku Chibavi. Basi. Mayi ena achikulire a ku Zolozolo maso anafooka, timalemba ta pafoni sationa, koma mawu anga amawamva uku akusonkhezera moto, madzulo n'kutuma mdzukulu ndi thumba. Komanso mawu sadya bandulo ngati vidiyo, nkhani yaikulu imeneyo masiku ano.

Ndimayamba ndi moni wa Chitumbuka, "monire mose", kenako n'kupitiriza m'Chichewa, poti tauni ino ndi ya tonse.

Amene muli ndi kangachepe musaiwale wailesi. Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane zimafika kumidzi komwe foni ya intaneti n'njosowa.

Chimene chimandiwawa ndi anthu ojambulira uthenga padepoti, mahutala a minibasi ali pwiii, mtengo osamveka n'komwe. Chonde lowani m'nyumba, tsekani chitseko, lankhulani modekha. Musapyole mphindi imodzi, ndipo mtengo ndi malo muzitchule kawiri.