Mmene ndinamangira katundu wa amayi kuchokera ku Joni

Ulendo woyamba kutumiza katundu kumudzi, ndinalemba dzina la amayi papepala n'kumata pakatoni ndi selotepi. Chingwe chomangira pathilela chinang'amba pepalalo panjira, ndipo katoni inakhala milungu itatu ku Blantyre, mwini wake osadziwika. Amayi ankangoti, "Mwanangu, kodi unatumizadi?" Funso limenelo linandipweteka kwambiri.

Ulendo uno ndinali ndi makatoni anayi, firiji ndi TV. Ndisanagwire tepi ndinayamba ndaganizira njira imene katunduyu adutse: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako Mwanza. Ndi masiku angapo padzuwa ndi mvula, m'mabampu, ndipo pachipata katundu akhoza kutsitsidwa kuti aonedwe, n'kukwezedwanso mofulumira ndi anyamata otopa. Katoni yako ikhoza kupezeka pansi pa katundu wa anthu ena khumi.

Ndiye ndinafuna makatoni olimba a zikutu ziwiri, osati ofewa otola kuseri kwa shopu. Zolemera ndinaika pansi, zopepuka pamwamba, mipata yonse n'kutseka ndi zovala. Katoni ikamalira kuti gwedegwede poigwedeza, ndiye kuti sinadzaze, ndipo idzaphwanyika ikasanjikizidwa. Mbale ndi makapu ndinakulunga chimodzichimodzi m'masiketi ndi m'majuzi. Mafuta ophikira ndinamata zitsekerero ndi tepi, botolo lililonse m'jumbo yakeyake, ndipo sindinawaphatikize ndi shuga. Sopo nayenso anali kwayekha, chifukwa fungo lake limalowa mu mpunga osatulukanso.

Firiji ndiyo inanditengera nthawi. Ndinachotsa mashelefu agalasi n'kuwakulunga m'bulangete, chitseko ndinachimanga, ndipo ndinajambula mivi yoloza m'mwamba mbali zonse zinayi. Ndinapempha adalaivala kuti ikwere choimirira. Amayi ndinawauziratu kuti, "Ikafika musayatse msanga, idikire tsiku lathunthu, mafuta a mu injini yake abwerere m'malo mwake." TV inalowa m'bokosi lake lomwe inabweramo, nayonso choimirira, osaigoneka.

Polemba ndinagwiritsa ntchito maka yakuda yosafufutika, pakatoni penipenipo, pamwamba ndi m'mbali ziwiri. Ndinalemba dzina la wolandira monga lilili pachiphaso chake, boma, malo otsitsira, ndi manambala awiri a foni oyamba ndi +265, chifukwa foni imodzi ikhoza kutha moto tsiku lomwe galimoto yafika. Pamwamba pa zilembozo ndinakuta tepi yoonekera kuti mvula isazipeze. Katundu aliyense anali ndi nambala yake, 1/6 mpaka 6/6, kuti mlongo wanga polandira adziwe ngati china chatsala. M'kati mwa katoni iliyonse ndinaikanso pepala la mawu omwewo. Kunja sindinalembe zimene zili m'katimo, kupatula mawu akuti FRAGILE pa zosweka.

Mndandanda wa katundu ndi malisiti ogulira ndinapereka kwa adalaivala, poti a MRA pa Mwanza amafuna kudziwa mtengo wa zinthu powerengera msonkho. Tinagwirizaniratu za amene alipire msonkhowo, ndipo ndinawapempha kuti azilembe palisiti yomwe anandipatsa. Chilichonse ndinachijambula chisanakwere, pamodzi ndi nambala ya galimoto, n'kutumizira mlongo wanga pa WhatsApp.

Patapita masiku asanu anandiimbira ali ku Limbe, akuwerenga mokweza kuti ndimve: "Wani, thuu, fili..." mpaka sikisi. Kenako anapatsira foni amayi.