Mmene ndinasinthira ekizozi ya galimoto yanga

Ndinayambira ku sailensa poti ndiyo yosavuta kuifikira. Galimoto yanga ndi ya masilinda anayi, injini ya malita 1.6, yopanda turbo. Sailensa imene inabwera nayo ili ndi tizipinda ndi timakoma m'kati, moti utsi umakhotakhota mpaka phokoso kuzilala. Ndinaichotsa n'kuika ya utsi wodutsa molunjika, pamodzi ndi paipi yaikulu ya mainchesi 2.5. Mkokomo unasintha tsiku lomwelo, koma pamtunda, pa giya yachitatu, galimoto inkakoka mwaulesi kuposa kale.

Amakaniko ena achikulire ndiwo anandimasulira. Utsi sutuluka mosalekeza ngati madzi a pampopi, silinda iliyonse imalavula wake pa nthawi yake. Utsiwo ukathamanga bwino m'paipi, umasiya kukoka kumbuyo kwake, ndipo kukokako kumayamwa utsi wotsalira m'silinda kuti mpweya watsopano upeze malo. Paipi ikakula mopitirira, liwiro limatsika, kukoka kumachepa, makamaka injini ikamazungulira pang'onopang'ono. Ndinabwerera ku mainchesi 2, mphamvu ija inabwerera.

Kenako ndinafika pa header, mapaipi amene amaikidwa m'malo mwa manifold, chitsulo cholandira utsi pamene ukutuluka m'masilinda. Manifold ya kufakitale ndi chitsulo cholemera, mapaipi ake aafupi amakumana msanga, utsi wa silinda ina n'kumatsekereza wa inzake. Ndinali ndi mitundu iwiri ya header yosankhapo. Ya 4-1, imene mapaipi ake anayi amakumana pamodzi kukhala imodzi, imakomera injini ikamalira pamwamba. Ya 4-2-1 imaphatikiza silinda 1 ndi 4, kenako 2 ndi 3, mapaipi awiriwo n'kudzakumana kukhala imodzi, chifukwa injini zotere zimayatsa motsatana 1-3-4-2, ndipo mphamvu yake imamveka pakatikati. Ine ndimayendetsa pamsewu wamba, choncho ndinasankha 4-2-1 mosakayika.

Usiku woti mawa ndiika header, ndinathira mafuta ofewetsa dzimbiri pa manati onse. Apa musachite changu, chifukwa bawuti ikathyokera m'mutu wa injini, ntchito ya tsiku limodzi imatha sabata. M'mawa, injini ili yozizira, ndinakweza galimoto ndi jeke n'kuikhazika pa zochirikizira zolimba. Ndinayamba ndazula waya wa sensa ya okosijeni, kenako n'kuimasula, kuti wayayo asapotokole. Ndinapala bwino pokhala gasiketi, ndinaika yatsopano, n'kumanga manati kuyambira apakati kupita kumbali. Catalytic converter sindinaikhudze. Imayeretsa utsi umene tonse timapuma, ndipo kuichotsa kumayatsa nyali yochenjeza za vuto la injini pa magalimoto ambiri.

Nditailiza ndinamva kakutayikira kolira ngati wotchi. Injini itazizira ndinamanganso manati, kanatha. Header imatentha malo oizungulira kuposa manifold, choncho waya wina amene anali pafupi ndinamusendeza n'kumumangirira patali.

Mphamvu yowonjezereka si yambiri, ndinene zoona, koma ilipo. Mtunda umene unkandikakamiza kutsitsa giya, tsopano ndimaukwera pa yachitatu yomweyo, ndipo sailensa yaphokoso ija ndinaichotsa n'kubwezeretsa yakufakitale osamva kusiyana kulikonse pa kakokedwe.