Madiredi anga akwanitsa miyezi 14

Loweruka lapitali ndinatsuka m'mutu m'mamawa, ndiye nditakhala pakhonde kuwothera dzuwa kuti tsitsi liwume, ndinamva kanthu kakundikhudza pakhosi kumbuyoku. Ndinayesa ntchentche. Nditapisako dzanja ndinapeza kuti ndi diredi lakunkhongo, lafika pakolala ya bulawuzi. Pomwepo ndinakatenga tepi ya telala ndi kabuku kamene ndimalembamo za tsitsili kuyambira tsiku loyamba. Lalitali kwambiri lili masentimita 13, a pamphumi ali pa 8. Madiredi onse pamodzi alipo 84. Ndinayamba ndi 87, ndipo kumene atatuwo anapita ndifotokoza kutsogoloku, chifukwa mpamene pagona nkhani.

Kwa inu amene mwandipeza panjira, ndinayamba madiredi mu Juni chaka chatha. Zaka zambiri ndinkathira mankhwala owongola tsitsi, kenako mesh, kenako mawigi, mpaka tsitsi la m'mbali mwa mphumi linayamba kuthawira m'mbuyo. Ndinameta lonse lamankhwala lija n'kusunga lachibadwidwe miyezi isanu ndi iwiri. Litafika masentimita 7 kapena 8 ndinapita kwa achimwene ena a Chirasta ku Ndirande. Iwo anagawa mutu wonse m'tizigawo, n'kumapota chigawo chilichonse ndi mano a chipeso chaching'ono mpaka chitapiringizika ngati kasipuling'i. Tinakhalapo kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa litapendeka. Pondiperekeza anati, "Achemwali, tsitsili mulitenge ngati khanda. Muzilisambitsa, muziliwumitsa, usiku muzilifunditsa. Zotsalazo lichita lokha." Mawuwo ndinawalemba m'kabuku tsiku lomwelo, koma panapita pafupifupi chaka ndisanawatsate.

Tiwerengere limodzi. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ena kupitirira pang'ono. Ndiye langali, likanakhala lowongoka, bwenzi litadutsa masentimita 20. Koma tepi ikuti 13. Enawo sanataike, ali m'kati mwa diredi, apindanapindana. Munthu aliyense amathothoka tsitsi pakati pa 50 ndi 100 patsiku. Kwa wopesa limatsalira pachipeso, koma kwa ife limakodwa momwemo n'kumalukana ndi linzake, ndipo n'limene limanenepetsa diredi. Ndikanadziwa zimenezi poyamba, bwenzi mtima uli m'malo pamene tsitsi linayamba kufupika m'malo motalika.

Miyezi itatu yoyambirira inali ya mantha okhaokha. Ndinkaopa madzi. Anthu ambiri, ena oti sanakhalepo ndi madiredi, ankandiuza kuti litsiro ndiye limagwiritsa tsitsi, choncho ndinakhala masabata asanu osatsuka. M'mutu munayabwa, mfundu zinachita kuyera paphewa. Nditabwerera ku Ndirande achimwene aja anangopukusa mutu. Anati tsitsi lamafuta ndi thukuta limaterera, loyera ndiye limakolana msanga. Anandiveka kaneti kamutu n'kunditsuka kanetiko kali pomwepo, akusisita khungu ndi nsonga za zala mosakanda. Madiredi asanu ndi limodzi anamasuka, iwo n'kuwapotanso, basi nkhani n'kutha. Chimene ndinkachiopa masabata asanu chinakonzeka m'mphindi khumi.

Kenako panabwera nkhani ya phula. Mnzanga wina, mwa chifundo chake, anandipatsa kabotolo ka phula lopaka m'madiredi, ati limagoneka titsitsi touluka. Kugoneka linagonekadi, masiku awiri oyamba mutu unkaoneka bwino kwabasi. Koma inu mukulidziwa fumbi la Blantyre mu Seputembala ndi Okutobala. Lonse linkamatirira paphulapo. Phula silisungunuka ndi madzi, ndiye ngakhale nditsuke bwanji, ndikafinya diredi pankatuluka zoyera zonanda. Ndinavutika nalo miyezi iwiri. Chimene chinathandiza ndi kuviika mutu m'beseni la madzi otentha ndithu, oti dzanja n'kupirira, kufinya diredi limodzilimodzi ndi shampu wowala ngati madzi uja, wopanda zofewetsa, kenako kutsukuluza kambirimbiri. Kamodzi kokha ndinasungunulamo soda wophikira therere yemweyu, masupuni awiri m'beseni, ndipo madziwo anasanduka ngati a m'chithaphwi. Pomaliza ndinatsukuluza ndi viniga wothira madzi ambiri. Apa ndichenjeze, chifukwa ndimaona ambiri akusakaniza soda ndi viniga m'beseni limodzi n'kumasangalala ndi thovu: ziwirizi zikakumana zimaphana mphamvu, ndiye ndi bwino kuzisiyanitsa, soda poyamba, viniga pambuyo. Komanso soda ndi waukali, amaumitsa tsitsi ndi khungu lomwe. Si wa mwezi ndi mwezi ayi. Ine chithirireni nthawi imeneyo sindinabwerezenso, ndipo phula silidzafikanso pamutu panga.

Cha mu Novembala, mwezi wachisanu, ndinayamba kumva timfundo tolimba m'kati mwa madiredi, ngati mtedza uli m'khoko. Poyamba ndinaganiza kuti ndi phula lotsalira. Ayi, kumeneko ndiye kunali kugwira kwenikweniko, tsitsi kukolana n'kulimba. Diredi limayamba kulimba pakati kapena cha kunsonga, patsinde pakadali pofewa. Nthawi imeneyi mutu suoneka bwino, tisanamizane. Ena anatupa pakati, ena anapindika, ena anaima chilili kuloza kumwamba, ndipo onse anafupika. Amayi atandiona pa Khirisimasi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe, mutu umenewu ulowa nawo m'tchalitchi?" Ndinati, "Ndimanga duku, amayi." Sanayankhe.

Sindinawakwiyire. Iwo anakula nthawi ya Kamuzu, pamene mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza, ndipo kwa anthu a msinkhu wawo tsitsi losapesa ndi la wodwala kapena wosuta chamba. Ine si Mrasta, madiredi anga ndi a kukonda chabe, ndipo duku limandibisa ndikafuna. Achimwene a ku Ndirande aja alibe pobisala. Anandiuza kuti ana awo anabwezedwapo pasukulu ina chifukwa cha tsitsi. Mu Meyi 2023 ndi pamene khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi madiredi awo. Akamanena za tsiku limenelo amasiya kaye kupota, manja ali m'malere. Ndikakhala pampando wawo ndimakumbukira kuti tsitsi limene ine ndikuliyeza ndi tepi, anzathu ena analivutikira zaka zambiri.

Dzinja linandiphunzitsa za kuwumitsa. Mu Januwale mvula inandipeza ndili pa kabaza pochokera ku Limbe. Ndinafika kunyumba kutada, magetsi atathima, ndipo ndinangopukuta pamwamba, kumanga duku n'kugona. Mawa lakenso kunja kunachita mitambo tsiku lonse. Pofika tsiku lachitatu mutu unkanunkha ngati chiguduli chimene chagonera panja. Diredi lili ngati siponji: kunja liwoneke louma, m'kati muli madzi, ndipo chinyezi chikakhalitsa mumamera chuku. Mwamwayi ndinachipeza msanga. Ndinatsuka kawiri, kutsukuluza ndi madzi a viniga, n'kukhala padzuwa m'mawa wonse. Chichokereni apo ndimatsuka 8 koloko isanakwane, tsiku loti kumwamba kwayera, madzulo ayi. Ndimafinya diredi lililonse kuchokera patsinde kutsikira kunsonga, n'kukulunga mutu ndi sikipa yakale yakuda. Thawulo laubweya ndinalisiya chifukwa timaulusi take timalowa m'tsitsi ndipo sitituluka. Ndisanamange duku ndimatsina diredi lonenepa kwambiri lakunkhongo. Likazizira m'zala, ndiye kuti silinaume.

Dzinja lomwelo linandipatsanso chabwino. Nditapita kumudzi ndinatsuka ndi madzi a pamjigo ndi sopo wamtanda, tsitsi linauma gwaa n'kuchita mbuu. Madzi a mijigo ina ali ndi mchere wa m'miyala, womwe uja umayeretsa m'kati mwa ketulo, ndipo ukakumana ndi sopo umapanga zoyangayanga zimene zimakanirira m'diredi. Agogo ataona anati, "Mwana iwe, tsitsi amatsuka ndi madzi amvula." Anandikingira ndowa pansi pa malata, mvula itatsuka kale denga. Kusiyana kwake kunaoneka tsiku lomwelo, tsitsi linapepuka n'kuda bii. Ndinatero mpaka mvula inasiya mu Epulo.

Tsopano za atatu aja.

Kuyambira Febuluwale, madiredi atayamba kuoneka ngati madiredi, ndinagwidwa ndi mtima wofuna kuti mizere ya m'mutu izioneka nthawi zonse. Ku Ndirande kunkanditalikira, komanso achimwene aja ankakana kundipota pafupipafupi. Ndiye ndinayamba kupita kusaluni ina pafupi ndi kwathu, masabata awiri alionse. Ankapota molimba, n'kupana ndi tizitsulo, n'kundiika m'chowumitsira. Ndinkatuluka nkhope itakokeka, usiku litsipa, ndipo m'mbali mwa mphumi munkatuluka tiziphuphu. Ndinkati ndiko kukongolako. Pakati pa masabatawo zala zanganso sizinkachoka m'mutu: m'minibasi ndikupota, pa foni ndikupota.

Mu Meyi ndikutsuka ndinamva diredi la pafupi ndi khutu lakumanzere likulendewera modabwitsa. Nditayang'ana pagalasi, patsinde pake panali patatsala titsitsi towerengeka, topyapyala ngati ulusi wosokera. Awiri ena a pamphumi analinso chimodzimodzi. Mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa malo ake ndi omwe aja anandithawitsa ku mesh. Ndinasiya mesh kuti tsitsi la pamphumi lipume, ndipo ndinali ndikulikokanso ndi manja anga.

Ndinabwerera ku Ndirande mwamanyazi. Achimwene aja sanandikalipire. Anandionetsa kuti ukapota tsitsi mbali imodzimodzi kawirikawiri, makamaka lili louma, limaduka limodzilimodzi ngati chingwe cha khonje chopotedwa mopitiriza. Komanso diredi likamakula limalemera, ndipo kulemera konseko kumasenzedwa ndi titsitsi ta patsinde. Khungu likakokedwa zaka, mizu ya tsitsi imafa, pamenepo sipameranso. Atatu ofookawo anawalumikiza ku anzawo oyandikana nawo ndi kasingano ka ngowe kolukira, aliyense kukhala ndi tsinde limodzi ndi mnzake. Nsonga zake zikadali ziwiriziwiri ngati mphanda, ndipo anati ndisadule mpaka patsinde patalimba. Anandilamula kuti ndisapote kwa miyezi iwiri yathunthu.

Miyezi iwiri imeneyo, Juni ndi Julayi, ndi imene madiredi anga anasintha kwambiri kuposa ina yonse. Mizere inatsekeka, patsinde panamera tsitsi lambiri lofewa, kuntchito ena ankafunsa ngati ndasiya kudzisamalira. Koma ndikagwira, diredi lililonse linali likulimba kuchokera kunsonga mpaka pafupi ndi khungu, ndipo aja ankaloza kumwamba anayamba kugona okha. Pamphumi pamera titsitsi tatsopano. Timeneti sindikulola aliyense kutikokera m'diredi.

Pano zochita zanga n'zochepa. Ndimatsuka masiku khumi alionse, nyengo yotentha ndidzafupikitsa kufika sabata. Ndikatsuka, tsitsi likadali lonyowa, ndimalekanitsa madiredi patsinde, chifukwa amakonda kugwirana ndi oyandikana nawo ndipo akauma kulekanitsa kwake kumapweteka. M'mawa ndimawaza madzi pang'ono ndi kabotolo kopopera. Mafuta ndimapaka pakhungu pokha, madontho ochepa a mafuta a malambe kawiri pasabata. A nsatsi ndinawayesa, koma ndi olemera, amakoka fumbi, ndiye ndimangodontheza m'mbali mwa mphumi. Zofewetsa tsitsi zonona zija sindithira, zimatereretsa tsitsi loti likufunika kukolana. Usiku ndimagona ndi kansalu koterera ka satini. M'chiperoni cha Julayi ndinaphunzira kuti bulangete laubweya ndi mdani: ndinapeza timaubweya tofiira kunkhongo, n'kuchotsa ndi kopanira nsidze tisanalowe m'kati. Kupota ndi kamodzi pa masabata asanu ndi atatu, tsitsi lili lonyowa, ndipo ndikangomva kukoka ndimanena pomwepo.

Amayi anabwera kumapeto kwa Julayi kudzaona adzukulu awo. Tili kukhitchini anandivula duku okha, n'kugwira diredi limodzi, kulipinda, kulinunkhiza. Anati, "Koma ndi loyera." Kenako anafunsa ngati limalemera ndikasenza ndowa.

Amene akundidetsa nkhawa pano ndi awiri a paliwombo. Tsitsi la pamenepo ndi lofewa kuposa lina lonse, ndipo nsonga zake zikadali zomasuka, zopiringizika ngati tsiku loyamba. Ena akuti ndiwalowetse kasingano kuti agwire msanga. Ndakana kaye, chifukwa kasinganoko kakakhala m'manja mwa wosadziwa kamadula tsitsi m'kati. Ndawayeza, ali pa masentimita 10 onse awiri, ndipo ndalemba m'kabuku. Mu Okutobala tikupita ku Senga Bay ku Salima, koyamba kulowa nawo m'nyanja. Ndatsimikiza zokasamba m'mawa okha kuti akaume dzuwa lisanalowe, ndipo ndidzatenga beseni lotsukuluzira mchenga. Tikabwerako ndidzawayezanso awiriwo.