Sabata ya malovu ndi mikodzo

Lolemba ku labotale yathu kunafika bokosi la ayisi kuchokera kunyanja, kumene nsima yawo ndi kondowole. Munali timabotolo ta mikodzo. Tinalandiranso malovu ndi magazi a abambo a mu Lilongwe momwe muno, osuta fodya ndi osasuta. M'zonsezi timasaka chinthu chimodzi: thiocyanate.

Chinangwa chowawa chikapanda kuviikidwa mokwanira chimatulutsa poizoni wotchedwa cyanide m'thupi, ndipo utsi wa fodya ulinso naye. Chiwindi chimam'phatikiza ndi salufa n'kukhala thiocyanate, impso n'kum'taya mumkodzo. Akachuluka amalanda malo a ayodini pakhosi, chithokomiro n'kutupa. Ku Nampula, m'chilala cha 1981, anthu ambiri anauma miyendo ndi matenda a konzo chifukwa njala sinawalole kudikira kuti chinangwa chisuluke. Ndiye mikodzo ya kunyanjayo sitiitenga mwachibwana.

Lachiwiri linangothera kusefa. Magazi uyambe wawazunguza mu centrifuge n'kuchotsa mapuloteni, apo ayi column (kapaipi ka m'makina kolekanitsira za mu sampulo) yatsekeka, ndipo ina yogula kunja ifika liti?

Mnyamata wa intenishipu anandifunsa: "Bwana, bwanji osangothira ferric nitrate? Zimafiira pompopompo."

N'zoona, ayironi wa mu ferric nitrate akakumana ndi thiocyanate zimafiira, komanso n'zotchipa. Koma mtundu umanama. Munthu amene wamwa aspirin mkodzo wake umasinthanso mtundu ukakumana ndi ayironi. Ion chromatography, njira imene timagwiritsa ntchito ifeyo, imayamba yalekanitsa zonse za mu sampulo. Chloride amatuluka msanga, chimulu chachikulu pakompyuta. Nitrate ndi sulfate amatsatira. Thiocyanate amakakamira mu column, amabwera mochedwa ngati minibasi ya ku Area 25 yodikira kudzaza. Wopupuluma amazimitsa makina asanatuluke, kenako amakam'peza mu sampulo yotsatira.

Lachinayi thiocyanate wa m'malovu a bambo wina wolembedwa kuti sasuta anakwera kuposa wa anzake onse. Ndinaimbira namwino amene anatenga sampuloyo.

"Achemwali, bambo aja sasutadi?"

"Akuti anasiya chingambwe sabata yatha."

Mpake. Thiocyanate sachoka msanga, pamatenga pafupifupi masabata awiri kuti atsike ndi theka. Mpiru ndi kabichi nazonso zimam'kweza, ndipo kuno ndani sadya mpiru? Fomu yathu imangofunsa kuti "mumasuta?", basi.

Lachisanu ndinapempha kuti pafomupo awonjezere mafunso atatu: munasiya liti, ndiwo zanu zamasamba n'ziti, chinangwa mumachiviika masiku angati. Abwana avomera, koma akuti tiyambe tamaliza mafomu akale amene adzaza kabati.