Mmene tinayambira kachipinda kathu komvereramo zimbale kuno ku Leeds

Anthu akamva zoti ine ndi mayi a kunyumba tili ndi kabizinesi ka nyimbo amafunsa kuti ndiye mumagulitsa chani kwenikweni, masipika kapena zimbale? Masipika timaikira anthu mmakomo mwawo inde, koma geni yeniyeni yomwe tinayamba nayo ndi mpando. Munthu amalipira kuti akhale pakati pa masipika, azimitse foni, amvere chimbale chonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Nditangofika ku England ndinkagwira ntchito ya care ngati anzathu ambiri, khomo ndi khomo kusamalira okalamba. Mmodzi mwa iwo anali madala ena oyendera wilutcheya, miyendo inali itasiya kugwira koma makutu anali akuthwa zedi. Pabalaza pawo panali masipika asanu ndi chibokosi cha bezi pakona, ndipo pa kapeti anamatapo tepi yakuda kuti aliyense wowakankha adziwe poimika wilutcheyayo, ukaphonya ngakhale pang'ono amakuuza kuti bwezera mmbuyo. Ine ndinkangoti ndi za mafilimu. Tsiku lina nditamaliza kuwapatsa mankhwala anandiuza kuti ndiwasunthire pambali, nditenge mpando wa kukhitchini ndiike pa tepi paja ndikhalepo. Anaika The Dark Side of the Moon ya Pink Floyd, chimbale cha 1973 koma chomwe katswiri wa mawu James Guthrie anachisakaniza mwatsopano mu 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi chibokosi cha bezi, pa mtundu wa CD wotchedwa SACD mu 2003. Pali malo pomwe mawotchi ambirimbiri amalira pakamodzi, abale inu, ena kutsogolo ena kumbuyo kwa khutu langa lenileni, thupi lonse linachita tsembwe ndipo ndinatembenuka kuyang'ana kukhoma.

Chomwe chinandibwerera mmutu ndi kwathu ku Dedza ndili mwana. Pabwalo la gule nyimbo siimachokera kutsogolo ayi, ng'oma zili mbali iyi, amayi akuyimba ndi kuomba mmanja mbali inayo, wovina akudutsa ndi fumbi lake pakati, iwe uli mkati mwa zonsezo. Wailesi inatizoloweretsa kumvera nyimbo ngati tikusuzumira pawindo, koma tsiku limenelo ndinabwerera mkati mwa bwalo, ngakhale oyimbawo anali azungu a ku London.

Madala aja ndi omwe anandiphunzitsa chifukwa chake progressive rock, mtundu wa nyimbo za magulu ngati Pink Floyd, imakoma chonchi mu surround, pomwe masipika akuzungulira mbali zonse. Nyimbo zake ndi zazitali, Close to the Edge ya gulu la Yes ya mu 1972 imapitirira mphindi 18, ndipo zida zimakhala zambiri zosanjikizana, magitala, ng'oma, makiyibodi, mawu atatu anayi, zonse zinajambulidwa padera padera pa matepi, ndiye ukazipanikiza mmasipika awiri zina zimakwiririka. Mzaka za m'ma 1970 anayesapo quadraphonic ya masipika anayi koma makampani aliyense anabwera ndi njira yake yosagwirizana ndi ya mnzake, zinangofera mmazira. Pano anthu ngati Steven Wilson, woyimba komanso katswiri wosakaniza mawu, amatenga matepi oyambirira aja nkupatsa chida chilichonse malo ake. Anayamba ndi zimbale za King Crimson mu 2009, kenako Aqualung ya Jethro Tull mu 2011, ndipo Close to the Edge inatuluka mu 2013.

Mpamba unachokera ku chipeleganyu cha anzathu a ku tchalitchi kuphatikiza mashifiti a usiku a mayi a kunyumba. Zida zonse zinali za kaunjika. Pleya yoyamba ndinagula pa intaneti kwa munthu yemwe analemba kuti imawerenga SACD, zoona imawerenga, koma imangotulutsa mmasipika awiri basi, ndalama sinabwerenso ndipo zinandipweteka mtima chifukwa inali ya thukuta la anthu awiri. Yachiwiri inali Oppo, ndipo poti kampaniyo inasiya kupanga mapleya mu 2018 mitengo yake ya kaunjika ndi yokwera, tinadikira miyezi ingapo kuti ikwane.

Chipinda tinachipeza pamwamba pa kashopu kena, lendi yake yopiririka. Titayatsa koyamba ndinafuna kulira, makoma opanda kanthu mawu akungobwererabwerera, bezi ili wuuu ngati mu thanki. Mayi a kunyumba ndi omwe anapulumutsa zinthu, anasoka makatani okhuthala a makoma onse, tinayala makapeti awiri, ine ndi tepi yoyezera kusuntha masipika masiku atatu mpaka a kutsogolo anakhala pa madigiri 30 mbali iliyonse, a kumbuyo cha pa 110. Pamenepa ndinene maganizo anga mosabisa. Anthu amakonda kukangana za manambala, kuti CD ndi 16-bit pa 44.1 kHz pomwe zimbale zambiri za Blu-ray zimakhala 24-bit pa 96 kHz, ndipo ife timaika za manambala apamwamba zomwezo, zomwe amati high resolution, chifukwa ndi momwe zimbalezi zimabwerera, koma makatani aja anasintha mawu kuposa nambala ina iliyonse. Kasitomala akafuna kuwononga ndalama zambiri pa mawaya odula ndimamuuza kuti ayambe wagula kapeti.

Mipando ilipo isanu ndi umodzi yokha, tikachulutsa ena akhala pafupi kwambiri ndi sipika imodzi ndiye kuwabera kumeneko. Timachepetsa magetsi, palibe kulankhula, palibe kudumpha nyimbo, chimbale chikatha timamwa tiyi ndi mandasi. Ambiri obwera ndi azibambo achikulire a konkuno, ena anaonerapo magulu amenewa pamaso ali anyamata, ndipo kunena zoona ndalama ya matikiti imangokwana lendi, yodyera imachokera kwa omwewa akatiitana kukawakonzera masipika kwawo. Amalawi anzathu amabwera mwa apo ndi apo, poyamba amadabwa kuti nyimbo imodzi mphindi zonsezo, koma sindinaonepo wotuluka isanathe.

Madala aja anabwerako kamodzi. Masitepe ndi opapatiza ndiye tinawanyamula anthu atatu, ndipo ndinali nditamatiratu tepi yakuda pa kapeti. Anasankha Close to the Edge. Chapakati pa nyimboyo pamalowa limba lalikulu la mapaipi lomwe Rick Wakeman, woyimba makiyibodi wa gululo, anakajambulira mu tchalitchi cha St Giles Cripplegate ku London, ndiye kutatsala pang'ono kuti lilowe ndinaona atseka maso, chala chimodzi akweza mmwamba chikunjenjemera, kudikira. Litalowa chipinda chonse chinadzaza mpaka pansi kunthunthumira, chala chija anachitsitsa pang'onopang'ono nkuchiika pa bondo.

Pano tikusunga ndalama ya masipika anayi a kudenga chifukwa zimbale zambiri zayamba kutuluka mu Dolby Atmos, njira yomwe mawu ena amachokera mmwamba, ngakhale The Dark Side of the Moon inatuluka choncho mu 2023. Alandilodi avomera kale kuti tiboole denga bola tidzatseke tikamadzachoka.