Maphunziro a chitetezo pa shopu yathu ku Dedza atha, koma ndatopa nawo

Shopu yathu ndi ya gulu. Akalipentala, owotcherera ndi anyamata ophunzira ntchito tonse timagwiritsa makina amodzimodzi, ndiye komiti inamanga lamulo loti wina asakhudze sowo yamagetsi kapena guraindala asanaphunzire za chitetezo. Ntchito yoyendetsa maphunzirowo inagwera ine.

Zolemba mayina ndi kubwereka mabenchi ndi zodziwikiratu. Chomwe chinandipsetsa mtima ndi ofesi ina pa boma imene inalonjeza kutitumizira mphunzitsi. Kalata ndinakasiya, anaidinda bwinobwino. Tsiku litakwana anthu analawirira, ena kuchokera ku Bembeke ndi ku Linthipe, ndi chisanu cha mu Juni chija, atasiya maoda a makasitomala. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Nditaimba foni, akuti galimoto ilibe mafuta, tikanatumiza ya mafuta ndi alawansi. Nanga osandiuza bwanji tsiku lomwe ndinabweretsa kalata? Munthu wodya za tsiku ndi tsiku kumutayitsa tsiku lathunthu ndi kumulanda ufa wa ana ake. Inu mukapita ku ofesi iliyonse, funsani za ndalama pomwepo, ndipo akulembereni papepala.

Anatipulumutsa ndi madala ena opuma pantchito omwe anaphunzira ukalipentala ku koleji ya ntchito zamanja. Iwo anakana zophunzitsa gulu lonse pamodzi. Ankatenga anthu ochepa, kuimirira nawo pamakina penipeni. Anatola disiki ya guraindala n'kutionetsa deti lothera ntchito lomwe limadindidwa pa kachitsulo ka pakati. Ambiri tinali tisanaliyang'anepo. Disiki yong'aluka itayeni, ndipo chitsulo chotchingira disiki chija musachotse ngakhale chikukuchedwetsani.

Magetsi akazima, zimitsani makina ndipo zulani pulagi. Akabwera sachenjeza, sowo imangodzuka yokha dzanja la munthu lili pompo.

Za magolovesi panali mkangano. Powotcherera valani, koma pa sowo ndi pa dirilo ayi, chifukwa nsalu ikakodwa imakokera chala komweko. Thabwa laling'ono likankheni ndi kamtengo. Owotcherera osavala chigoba chakumaso anauzidwanso mosapsatira: maso omva ngati muli mchenga usiku aja si malungo, ndi kupsa ndi kuwala kwa moto wowotcherera.

Ndaiwala kunena, tsiku la msika musaikepo maphunziro, simuona munthu. Komanso ena mwa anzathu ankafunsa alawansi pa maphunziro oteteza zala zawo zomwe! Tinangophika tiyi ndi kachewere basi.

Pano mayina a omwe anamaliza tawamata pachitseko, ndipo kiyi ya chipinda cha makina amapatsidwa okhawo. Pamwamba pa soketi iliyonse ndalembapo ndi penti yofiira kuti magetsi akazima, zulani pulagi. Gulu lotsatira liyamba mwezi wamawa, madala aja avomera kubweranso.