Ubongo wa mwana wanga ndi mbaula yobowoka

Dzulo ndinapita ku Soweto Market ndi mwana wanga wamwamuna, ali ndi zaka 9 manje, ndiye phokoso lija la makondakitala ndi mahutala linamukwana, anayamba kudziluma dzanja, kutseka makutu, pofika kunyumba ku Chawama anangogona pa simenti osafuna ngakhale nsima. Amayi ena m'basi ati "mwanayu mumamulekerera amayi". Sindinawayankhe koma mtima unandiwawa usiku onse.

Mwana wanga ali ndi fragile X syndrome, vuto lobadwa nalo lomwe limakhudza kakulidwe ka ubongo. Pa X chromosome, kamodzi ka tinthu ta m'maselo tosunga malangizo otengera kwa makolo, pali jini ina (gene, langizo limodzi mwa amenewo), FMR1, inapezeka mu 1991, ndipo kachidutswa kake kotchedwa CGG kakabwerezedwa kupitirira ka 200 jiniyo imazima, thupi silipanganso protini yotchedwa FMRP. Protini imeneyi ndi buleki, imaletsa maselo a ubongo kupanga maprotini mopitirira muyeso. Mwana wamwamuna X amatenga kwa mayi ake, ndiye inde inachokera kwa ine, izi zinanditengera nthawi kuzivomera, makamaka kuti achibale ena anali atanena kale zoti ndi ufiti.

Koma chimene chandithandiza kumumvetsa ndi nkhani ya mphamvu. Ubongo ndi kanthu kochepa, 2% chabe ya kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi 20% ya mphamvu zonse, ndipo chakudya chake ndi shuga wa m'magazi. Pa mbewa za mu labu zopanda FMRP anapeza kuti ubongo wake umadya shuga wambiri kuposa wa mbewa zinzake. Kenako mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Yale ku America anaonetsa kuti ma mitochondria, tinthu topanga mphamvu m'maselo, amadontha, ndiye maselo amagwira ntchito kwambiri koma mphamvu ina imangotayika ndipo polumikizana maselowo sipakhwima bwino. Izi ndi za mbewa, osati ana athu, komabe nditawerenga ndinaganiza za mbaula yanga yakale yobowoka pansi ija, malasha kutha msangamsanga nyemba zili gwa. Ndikamuona atafooka madzulo chonsecho sanathamange, sananyamule kalikonse, ndimakumbuka mbaula ija ndipo sindimukalipiranso kuti ndi waulesi.

Mankhwala ochiziratu kulibe. Metformin, yemweyu wa odwala shuga, anathandiza mbewa ndipo akhala akumuyesa pa anthu, koma chonde osakagula nokha ku famasi kukapatsa mwana, ndikudziwa kuti tikathedwa nzeru timayesa chilichonse.

Ife chimene tikuchita ndi chaching'ono, phala m'mawa asanatuluke, nthochi kapena mtedza m'chikwama, wailesi yotsika, nthawi yogona imodzimodzi tsiku lililonse olo magetsi athime. Loweruka likubwerali kumsika ndipita ndekha cha m'ma 6, iye atsala ndi ambuye ake, amakonda kuwathandiza kusankha nyemba pa lichero ndipo amatha kukhala pamenepo ola lathunthu ali phee.